ZA UMOYO PABANJA: Mwana Wachira Malungo Aakulu, Nanga Wasinthiranji?

Pali dandaulo limene limamveka kawirikawiri pakati pa amayi, makamaka mvula ikangotha udzudzu utachita zake. Mwana adadwala malungo aakulu, adakomoka, adagona m'chipatala masiku angapo osadziwa kanthu, kenaka adatsitsimuka natuluka. Pamudzi padali chimwemwe. Koma patapita miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi mayi ayamba kuona zachilendo. Mwana uja adali wofatsa, tsopano sakhazikika, amenya anzake popanda chifukwa, ukamutuma mchere abwera ndi machesi, mwinanso osabwerako n'komwe. Wina adali atayamba kuyankhula bwino koma mawu abwerera m'mbuyo. Winanso wayamba kugwa khunyu pamene kuchimuna ndi kuchikazi komwe kulibe amene adagwapo.

Zikatere pamudzi sipasowa ofotokoza. Agogo ati mayi ake amulekerera kaamba ka chisoni cha matenda aja. Ena ati pali munthu wamuchita chipongwe, ena ati ndi majini. Bambo nawo athyola mkwapulo. M'kope lino tikufuna tikambirane zimene madokotala ofufuza adaona ndi maso awo m'kati mwa mitu ya ana otere. Sadakazionere kutali ayi, koma pa chipatala cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre, chimene ambirife timangoti ku Gulupu.

Nkhaniyi idayamba m'chaka cha 1986 pamene Dr Terrie Taylor, mayi wa ku America wochokera ku yunivesite ya Michigan State, adagwirizana ndi malemu Prof Malcolm Molyneux wa ku Britain kuti afufuze za malungo aakulu a ana. Kwa zaka zambiri mayiyu ankabwera nyengo ya mvula iliyonse, kukhala miyezi isanu ndi umodzi pa wodi ya ana okomoka, kenaka n'kubwerera kwawo kukaphunzitsa. Ntchito yawo yoyamba idali yooneka ngati yaing'ono. Munthu wamkulu ukafuna kudziwa ngati mutu ukugwira umamufunsa dzina lake ndi la mudzi wake, koma mwana wa zaka ziwiri sungamufunse zimenezo. Tsono iwo, pamodzi ndi Dr Jack Wirima ndi anzawo, adakonza muyeso wa kukomoka kwa mwana umene adaufalitsa mu 1989. Dokotala amaona zinthu zitatu. Kodi maso a mwana akutsatira nkhope ya mayi ake? Kodi ukamutsina akulira kulira kwenikweni, akungobuula, kapena ali chete? Kodi dzanja lake likupita pamene pakupwetekapo? Mwana wamaso amapeza mapointi 5, ndipo wokomoka amapeza 2 kapena kutsika pamenepo. Muyesowu umatchedwa Blantyre Coma Scale ndipo umagwiritsidwa ntchito m'zipatala za m'maiko ambiri. Si zinthu zambiri za sayansi zimene zili ndi dzina la mzinda wathu, choncho n'koyenera kuti tizichidziwa.

Komabe padali funso limene lidawasowetsa tulo. Mwana wafika, wapatsidwa kwinini, tizilombo ta malungo tayamba kuchepa m'magazi, shuga ali bwino, magazi awonjezeredwa. Koma pakati pa usiku mwanayo angosiya kupuma, mtima ukugundabe. Pa ana 100 alionse ofika atakomoka, 15 kapena kuposerapo ankamwalira ngakhale alandire chithandizo chonse chimene chidalipo. Chikuwapha n'chiyani?

Kuyambira mu 1996 adayamba kupempha makolo oferedwa kuti awalole kupima matupi a ana awo. Tiyeni tiime kaye apa. Mayi wataya mwana m'mawa, akuganiza za galimoto yonyamula maliro ndi za uthenga wopita kumudzi, ndiye wina abwera kudzapempha chinthu chotere. Ena adakana, ndipo palibe angawadzudzule. Koma ena adavomera, ndipo zimene tikudziwa lerozi tidazilandira kuchokera kwa makolo amenewo, amene maina awo sadalembedwe pa lipoti lililonse.

Zotsatira zoyamba zidatuluka mu 2004 ndipo zidadabwitsa madokotala eni ake. Mwa ana 31 amene ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo, 7 adapezeka kuti adafa ndi matenda ena, ndipo tizilombo ta malungo tidangopezeka nawo m'magazi monga timapezekera mwa ana ambiri a kumudzi nyengo ya mvula. Mwa otsalawo timitsempha ta mu ubongo tidali todzaza ndi maselo ofiira a magazi okhala ndi tizilombo, atamatirira m'mbali mwa mtsempha ngati matope m'ngalande. Chinanso chimene adapeza n'chakuti kusiyana kwa magulu awiriwa kumaoneka m'diso mwana akadali moyo. Dr Susan Lewallen, dokotala wa maso, adali atayamba kulemba za izi mu 1993. Kansalu ka kumbuyo kwa diso kamamera kuchokera ku ubongo mwana ali m'mimba, kotero kuti zochitika mu ubongo zimaonekera pamenepo: mabala oyera, timadontho ta magazi, ndi timitsempha tosintha mtundu. Motero mukadzaona dokotala akuthira mankhwala m'maso mwa mwana wokomoka ndi kuwalitsamo katochi, musadzati wasokonekera pakuti mwanayo sakudwala maso. Akusuzumira mu ubongo kudzera pa zenera lokhalo limene lilipo.

Koma thupi la womwalira limangoonetsa mathero, silionetsa njira imene imfa idadzera. Padafunika kuona ubongo wa mwana akadali moyo. Mwayi udapezeka mu 2008 pamene kampani ya General Electric idapereka makina a MRI, oyamba m'dziko muno, ndipo adaikidwa ku Gulupu. Makinawa si ekisire ayi. Ekisire amaonetsa bwino mafupa, koma ubongo ndi wofewa ngati phala lozizira ndipo wabisala m'kati mwa chigaza. MRI ndi maginito wamkulu kwambiri. Maginitoyo pamodzi ndi mafunde onga a wailesi amagwedeza tinthu tating'onoting'ono ta m'madzi a m'thupi, ndipo kompyuta imamvetsera kuyankha kwake n'kujambula mutu m'magawomagawo, monga mmene timadulira buledi, chonsecho palibe chimene chadulidwa. Anthu awiri amene adatulukira njirayi, Paul Lauterbur ndi Peter Mansfield, adalandira mphotho ya Nobel mu 2003.

Pakati pa 2009 ndi 2011 ana 168 okomoka, amene maso awo adatsimikiza kuti ndi malungo a mu ubongo enieni, adalowetsedwa m'makinawa. Ntchitoyi adaitsogolera ndi Dr Karl Seydel, ndipo mmodzi mwa owerenga zithunzizo adali dokotala wa kuno kwathu, Dr Samuel Kampondeni. Zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2015 m'magazini ya madokotala yotchedwa New England Journal of Medicine. Mwa ana 168 aja, 25 adamwalira. Mwa 25 omwalirawo, 21 adafika ubongo wawo utatupa koopsa. Mwa ana 143 amene adapulumuka, otupa koopsa choncho adali 39 okha.

Apa yankho la funso lija lidaoneka poyera. Chigaza ndi fupa, sichifutukuka. Ganizirani nyemba zouma zoviikidwa m'botolo lotseka: zikafufuma zimafuna potulukira. Ubongo ukatupa ulibe kolowera kwina koma kunsi, cha kunkhongo, kumene kuli bowo lolumikizira ubongo ndi msana. Pamenepo m'pamene pali tsinde la ubongo, lomwe ntchito yake ndi kulamula kupuma usana ndi usiku ife osaganizako. Tsindelo likapanikizika kupuma kumaima, ngakhale mtima ukadali ndi mphamvu. Chopatsa chiyembekezo n'chakuti mwa ana opulumuka amene adajambulidwanso, kutupako kudaoneka kuti kukuphwa patangopita masiku ochepa. Ichi ndicho chidapatsa madokotala maganizo oyesa makina othandiza kupuma ndiponso mankhwala ophwetsa ubongo, kuti mwana angodutsa masiku oopsawo.

Tsopano tibwerere kwa mwana wathu uja amene adatuluka m'chipatala ali moyo. Amene adamutsatira mpaka kumudzi ndi Dr Gretchen Birbeck, dokotala wa ubongo ndi mitsempha amene wagwira ntchito ya khunyu zaka zambiri pa chipatala cha Chikankata ku Zambia. Iye ndi anzake a ku Blantyre adatenga ana 132 ochira malungo a mu ubongo, nawayerekeza ndi ana 264 amene adagonekedwa m'chipatala chomwecho koma osakomoka. Adawatsatira kupitirira chaka, ndipo lipoti lawo lidatuluka mu 2010. Mwa ochira aja, 12 adayamba kugwa khunyu, pamene mwa ana 264 enawo padalibe ngakhale mmodzi. Ana 28 adapezeka ndi chilema chatsopano, monga kuvutika kuyenda, kuona, kumva kapena kuyankhula. Ana 14 adasintha khalidwe n'kukhala osamva, aukali ndi osakhazikika, pamene pa gulu linalo wotere adali mmodzi yekha. Tikawaphatikiza, pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse adatsala ndi vuto. Kafukufuku wina wa ku Blantyre komweko, wofalitsidwa mu 2019, adayesa ana mozama koposa ndipo adapeza kuti patatha chaka pafupifupi theka adali m'mbuyo pa kakulidwe, pa nzeru kapena pa khalidwe. Zithunzi za MRI za ana ovutika kwambiri zidaonetsa zipsera ndiponso ubongo wofota, wosiya mipata m'chigaza.

Ndikufuna owerenga aonetsetse nambala ya 14 ija. Wakhunyu timamuona akagwa, wolumala mwendo timamumvera chisoni, koma ana 14 aja alibe chilema chooneka. Amathamanga, amadya, amaseka. Ndiwo amene amakwapulidwa kunyumba, kusukulu ndi ku madrasa, n'kumatchedwa amwano. Chonsecho mwanowo sadausankhe. Ndi chipsera, chosiyana ndi cha pamwendo pokhapo kuti chili m'kati mwa chigaza. Komanso tisaiwale mbali inayo ya manambala omwewa: ana ambiri adachira osatsala ndi vuto lalikulu, choncho mayi amene mwana wake wangotuluka kumene asagone ndi mantha. Akhale tcheru basi.

Nanga bwanji vutolo limabisala miyezi kapena zaka? Apa tiyenera kudziwa kakulidwe ka ubongo. Mwana akamabadwa ubongo wake umalemera magalamu osapitirira 400, pamene wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi magalamu 1,400. Pofika zaka 6 umakhala utafika magawo 9 mwa magawo 10 a kukula kwake konse. Kale anthu ankaganiza kuti ntchito yathera pomwepo. Koma Dr Jay Giedd wa ku National Institute of Mental Health ku America adayamba kujambula ana omwewomwewo ndi MRI zaka ziwiri zilizonse akamakula, ndipo mu 1999 adaonetsa kuti m'kati mwa ubongo ntchito yomanga imapitirira mpaka pa unyamata. Mbali zoyendetsa thupi ndi zomvera zimakhwima msanga. Mbali ya kutsogolo, kuseri kwa mphumi, ndiyo imakhwima pomaliza, munthu atapitirira zaka 20. Imeneyi ndi imene imathandiza munthu kudziletsa, kudikira, kukumbukira zimene watumidwa ndi kuganiza za mawa.

Malungo a mu ubongo amakonda kugwira ana osafika zaka 5, nthawi imene nyumbayi ikumangidwa kumene. Mwana wa zaka zitatu palibe amamuuza kuti akhale pansi maola anayi akumvetsera mphunzitsi, choncho ngati mbali ya kudziletsa idavulala, palibe amadziwa. Zimadzaululika akalowa Sitandade 1, pamene anzake ayamba kukhazikika iye akulephera. Alimi akudziwa bwino zimenezi. Chimanga chimene chidakumana ndi ng'amba chili m'mawondo chimabiriwiranso mvula ikabwerera, ndipo wodutsa m'njira amati munda wachira. Zoona zake zimadzaoneka pobereka. Khunyu nalonso limatenga nthawi chifukwa chipsera cha mu ubongo chimayamba pang'onopang'ono kutulutsa mphamvu zosokonekera, mpaka tsiku lina mwana agwa. Pofika nthawi imeneyo banja lidaiwala kale za malungo aja, ndipo m'malo mwake likukumbukira amene lidakangana naye chaka chatha pa malire a munda.

Sitikunena kuti mwana aliyense wosakhazikika adadwalapo malungo a mu ubongo. Ngakhale kumaiko kumene kulibe malungo kuli ana obadwa ndi vuto lotere, limene madokotala amalitcha ADHD. Mu 2007 Dr Philip Shaw, wa ku bungwe lomwe lija la ku America, adayerekeza zithunzi za ana 223 a vutoli ndi ana 223 opanda vutoli. Adapeza kuti ubongo wawo ukutsata njira yomweyo ya kakulidwe koma mochedwa ndi zaka pafupifupi zitatu, makamaka mbali ya kuseri kwa mphumi ija. Kaya gwero lake ndi malungo kaya ndi chibadwa, mkwapulo sungafulumizitse ubongo kukhwima, monga mmene sungapsetsere mango poimenya ndi ndodo. Umangowonjezera mantha pamwamba pa vuto limene lilipo kale.

Wina atha kufunsa kuti, ndiye tigulitse mbuzi tikajambulitse mwana wathu ku MRI? Ine ndinganene kuti ayi, pokhapokha dokotala atalamula yekha. Zimene tafotokozazi zidapezeka poyerekeza magulu aakulu a ana, ndipo chithunzi cha mwana mmodzi sichingakuuzeni kuti uyu ali ndi ADHD kapena ayi. Chothandiza kwambiri ndi maso a mayi ndi mayeso osavuta a kakulidwe. Kale mayeso otere ankachokera ku Ulaya ndi ku America, ndipo ankafunsa mwana za zinthu zimene wa kumudzi sadazionepo, motero mwana wanzeru ankaoneka ngati wotsalira. Dr Melissa Gladstone wa ku Liverpool, pamodzi ndi anzake a kuno, adakonza muyeso wogwirizana ndi moyo wa ana athu, wotchedwa MDAT, umene udafalitsidwa mu 2010. Uli ndi mafunso 136 okhudza kuyenda, kugwiritsa ntchito zala, kuyankhula ndi kukhala ndi anthu, ndipo sufuna magetsi. Maiko ena adautenga n'kumaugwiritsa ntchito kwawo.

Tsono mayi amene mwana wake adakomokapo ndi malungo asunge bwino buku la kuchipatala, ndipo akaona kusintha kulikonse abwerere nalo, anene momveka kuti mwanayu adakomoka mwezi wakuti, masiku akuti, ndipo chiyambire pamenepo akuchita zakuti. Mphunzitsi nayenso auzidwe mbiri imeneyi tsiku loyamba, osadikira kuti aitanitse makolo pa mlandu. Mwana wotere amachita bwino akakhala kutsogolo kwa kalasi, akamatumidwa chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndiponso akamayamikiridwa pa kakang'ono kamene wakhoza. Kunyumba nthawi yodya, yogona ndi yosamba izikhala yomweyomweyo tsiku lililonse. Zimaoneka ngati kumulera mwaulemu wopitirira, ndipo apongozi adzanena, koma ndiyo njira imene ubongo wovulala umaphunzirira.

Za khunyu tinene mosabisa, pakuti pamenepa m'pamene ana ambiri amavulalira kachiwiri. Khunyu silipatsirana, kaya ndi malovu, kaya ndi mpweya wa wodwala, kaya ndi kudyera mbale imodzi. Mwana akagwa musathawe. Muchotseni pafupi ndi moto kapena madzi, muikireni chitenje kumutu, mugonekeni chammbali kuti malovu atuluke. Musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse kanthu kufikira atatsitsimuka bwinobwino. Akapitirira mphindi zisanu akugwedezeka, kapena akagwa kawiri motsatizana osadzuka, thamangani naye kuchipatala. Mankhwala alipo, monga phenobarbitone ndi carbamazepine, ndipo ana ambiri amasiya kugwa akamamwa tsiku ndi tsiku. Choopsa ndi kusiyira panjira poona kuti mwana wakhala miyezi iwiri osagwa, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa kugwa koopsa kuposa koyamba. Wonena kuti mankhwala aleke ndi dokotala yekha. Ndipo mwana wakhunyu apite kusukulu ngati anzake. Asamangosiyidwa yekha pamoto, pachitsime kapena kunyanja.

Gulu la Dr Birbeck lidaonanso kuti ana amene thupi lidatentha kwambiri ndi amene adagwedezeka pa nthawi ya matendayo ndiwo adali pa chiopsezo chachikulu chodzagwa khunyu pambuyo pake. Apa phunziro lake ndi la maola, osati la masiku. Mwana wotentha thupi amene wayamba kugwedezeka, kusanza chilichonse, kukana bere, kulephera kukhala tsonga kapena kugona tulo tosadzutsika, sayenera kudikira kuti kuche, kapena kuti bambo abwere ku ulendo adzapereke chilolezo. Abambo, nenani lero lomwe kuti zikadzatere mayi asadzadikire inu, ndipo ndalama ya kabaza izikhala pamalo podziwika. Mankhwala a masiku ano ndi amphamvu kuposa kwinini uja. Kafukufuku wa ana 5,425 m'maiko 9 a mu Africa adaonetsa mu 2010 kuti jakisoni wa artesunate amapulumutsa ana ambiri kuposa kwinini, ndipo ndiye amene tsopano amaperekedwa pa malungo aakulu. Koma jakisoniyo amapha tizilombo, sachotsa chipsera chimene chachitika kale mwana akadali pamphasa kunyumba.

Malungo wamba akapezeka poyeza magazi, LA amwedwe masiku onse atatu, m'mawa ndi madzulo, ngakhale mwana ayambe kusewera tsiku lachiwiri. Neti ikhale ya pogona, osati ya kudimba kapena yokokera usipa. Katemera wa malungo adayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2019 m'maboma 11, kuphatikizapo Mangochi, Machinga ndi Balaka. Satchinga malungo kotheratu, koma amachepetsa malungo aakulu, amene ndiwo amafika ku ubongo. Amaperekedwa kanayi: mwana akakwana miyezi 5, miyezi 6, miyezi 7, ndipo komaliza pa miyezi 22. Atatu oyambawo savuta chifukwa mayi amakhala akupitabe ku sikelo mwezi ndi mwezi. Wachinayiyo ndiye amaiwalika, pakuti mwana amakhala akuyenda yekha, mwinanso kumsana kuli kale mng'ono wake. Tsegulani buku la sikelo usiku uno muone ngati mzere wachinayi udalembedwa.